Kuzungulira Phiri la Zomba ndi Wotsogolera: Kodi Ndalama Yake Ikuyenera?

Pafupi ndi hotela ya Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba, pamakhala anyamata ndi abambo amene ntchito yawo ndi kuperekeza alendo m'njira za m'nkhalango. Alendo ambiri amafunsa ngati n'koyenera kulipira munthu pa ulendo umene ungoyamba ndi kuthera pamalo amodzi. Yankho ndi lakuti inde, koma mutapangana naye bwinobwino musananyamuke.

Njira imene anthu ambiri amasankha imayambira pa Ku Chawe, n'kutsikira ku damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wa Zomba. Kuchokera pamenepo mumatsata mtsinje chokwera, kudutsa mathithi a Mandala ndi maiwe a nsomba za trout, mpaka pa mathithi a Williams. Kenako mumakhotera ku kadamu ka Chagwa, n'kukafika m'mphepete mwa phiri pa malo oonerapo chigwa a Queen's View ndi Emperor's View, musanatsetserekerenso ku Mulunguzi. Kwa munthu woyenda mwapakatikati, wopumira apa ndi apo, muwerengere maola 5 kapena 6. Ngati muli ndi ana onjezani ola lina.

Gawo loyamba, la m'mphepete mwa mtsinje, simungasochere ngakhale muli nokha. Madzi amakutsogolerani, mitengo yachilengedwe imapereka mthunzi, ndipo choyenera kusamala ndi miyala ya ndere pafupi ndi mathithi basi. Pamene wotsogolera amaonetsa phindu lake ndi kuchokera pa Williams kupita mtsogolo. Kumeneko mwalowa m'minda ya paini, ndipo minda ya paini siikhala chimodzimodzi chaka ndi chaka. Pamene panali nkhalango yowirira dzana, lero pali zitsa ndi utuchi. Ocheka matabwa ndi otola nkhuni amatsegula tinjira tawo, tina tooneka topondedwa kuposa njira yeniyeni, ndipo mukatitsata timakathera pa dzenje lochekerapo matabwa. Zikwangwani n'zochepa. Mapu a pafoni amaonetsa misewu ikuluikulu ya fumbi yozungulira, koma sadziwa njira zachidule zodutsa pa mipata ya pakati pa zitunda, zimene zimakupulumutsani ku mtunda wautali wa padzuwa. Wotsogolera wabwino amadziwa kumene adula mitengo mwezi uno ndi kumene moto wadutsa.

Za motozi si nkhambakamwa. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, udzu ndi masamba a paini zimakhala zouma gwa, ndipo moto ukayaka umathamanga ndi mphepo. Utsi wake umaphimbanso chigwa, moti mukhoza kukwera mtunda wonsewo n'kukapeza nyanja ya Chilwa sikuoneka. Nthawi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, ngakhale kuti m'miyezi ya Juni ndi Julaye chiperoni chimatha kugwa mwadzidzidzi, munthu ali pamtunda wa mamita 20 osamuonanso. M'dzinja njira zimaterera, ndipo masamba a paini akanyowa pa dothi lofiira lija amakhala ngati sopo. Silipasi kapena nsapato za pansi posalala musayerekeze.

Pa Emperor's View m'pamene thukuta limabwezedwa. Dzinali linabwera chifukwa cha Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, amene anaima pamenepo mu 1965. Queen's View ndi ya mayi a Mfumukazi Elizabeth II, amene anafika mu 1957. Kukacha bwino, mzinda wa Zomba umaoneka pansi penipeni ngati mabokosi a machesi, chigwa cha Phalombe chitayala, phiri la Mulanje litaima chapatali. Otsogolera ambiri amaidziwa mbiri imeneyi, koma ena amathira mchere wambiri, zaka n'kumazisakaniza. Imvani, sekani, koma musalembe zonse m'kope.

Chofooka chachikulu cha ntchitoyi n'chakuti luso silofanana. Wina amakuonetsani mbalame, amakuuzani dzina la mtengo, amakuchenjezani mukayandikira mzere wa linthumbu, amayenda molingana ndi wofooka wa pagulu. Wina amangothamanga kutsogolo, mahedifoni kukhutu, inu wefuwefu kumbuyo. Choncho musananyamuke funsani kuti mudutsa malo ati ndi ati, mutchule mayina ake, mugwirizane ola lobwerera, ndiponso ngati mtengo wolipirawo ndi wa gulu lonse kapena wa munthu mmodzimmodzi. Mikangano yambiri imabuka pa mfundo yomalizayi. Tengani ndalama zapamanja zosinthasintha, chifukwa netiweki imadukaduka m'zigwa ndipo chenji kumeneko n'chosowa.

Wina akakulonjezani kuti muona Emperor's View ndi Chingwe's Hole tsiku limodzi wapansi, kanani. Dzenje la Chingwe lili mbali ina ya phiri, kumadzulo, koyang'ana chigwa cha Shire, ndipo limafuna tsiku lakelake. N'chimodzimodzi nsonga ya Malumbe, yotalika mamita 2,087. Ophatikiza maulendowa amatsika ndi mdima, matuza ali tho kuphazi.

Katundu musachulutse: madzi malita 2 munthu aliyense, kamba monga mbatata yophika, nthochi kapena mtedza, juzi, chipewa, ndi jekete ya mvula ngakhale kumwamba kuli mbee. Madzi a mumtsinje amaoneka oyera koma kumtunda kumagwira ntchito anthu ambiri, ndiye musamwe osawiritsa. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka pofika kumene kuli anyani. Nyamukani isanakwane 8 koloko, makamaka nthawi yozizira pamene dzuwa limalowa msanga.

Masitiroberi ndi zipatso zina zimene anyamata amagulitsa m'mbale m'mphepete mwa msewu mugule pobwerera, osati popita. M'chikwama zimaphwanyika ola lisanathe. Ndipo amene akuganiza zokwera wapansi kuchokera m'tauni kudzera njira yotchedwa Potato Path, adziwe kuti chitunda chimenecho pachokha chimadya mawondo. Kwerani galimoto kapena njinga yamoto mpaka pa Ku Chawe, ndipo panganiranitu ndi woyendetsayo ola lodzakutengani, chifukwa kukada zokwera zotsika zimasowa.