Supalinki, ngolo yotambasuka kapena kudula chitsulo: ndalama ya thiransipoti imathera pati?

Amene anagulapo zitsulo ku Johannesburg zoti amangire sheti yaikulu ku Kanengo kapena ku Makata amadziwa kuti koteshoni ya zitsulo munthu amatha kuipirira, koma ya mwini thiraki ndiyo imadula miyendo. Ndipo mukamuimbira foni, asanafunse za matani amayamba wafunsa kuti, "Bwana, chachitali kwambiri ndi mamita angati?" Yankho lanu ndilo limasankha ngolo, masiku a pamsewu ndi mapepala amene mudzalipire.

Malire ake ndi awa. Ku South Africa, hosi (mutu wa thiraki) yokoka ngolo imodzi siyenera kupitirira mamita 18.5, ndipo yokoka ngolo ziwiri imalekezera pa mamita 22. M'lifupi ndi mamita 2.6, msinkhu 4.3, kulemera konse matani 56. Mamita 22 ndi matani 56 amenewa ndiwonso amatsatidwa m'mayiko ambiri a SADC. Katundu amaloledwa kusuzumira kumbuyo kwa ngolo osapitirira mamita 1.8, atamangirira kansalu kofiira, bola utali wonse usadumphe malire aja. Mukadumpha, katundu wanu walowa m'gulu la abnormal, la katundu wopyola muyezo wofuna chilolezo chapadera, ndipo mitengo ya kumeneko ndi ina.

Supalinki ndiyo imadzaza msewu wa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza. Ili ndi ngolo ziwiri, yakutsogolo ya mamita 6 ndi yakumbuyo ya mamita 12, ndipo imanyamula matani pafupifupi 34. Pa tani iliyonse palibe thiraki yotchipa kuposa iyi. Eni ake ndi ambiri, choncho mutha kunenerera mtengo, komanso pobwerera sasowa katundu: shuga, tiyi, fodya, nandolo. Vuto lake n'lakuti mamita 6 ndi 12 aja sangaphatikizidwe kukhala 18. Ngolo ziwirizo zimapindana pokhota, ndiye chitsulo chimodzi sichingagone pa zonse ziwiri. Chanu chikakhala cha mamita 13, supalinki yatuluka kale mu mpikisano, ngakhale ikuoneka yaitali kuposa onse.

Apa ndi pamene ngolo imodzi ya maekiselo atatu imapambanira. Zambiri zimakhala za mamita 12 mpaka 14, ndipo zimanyamula matani 28 kapena 30. Mumataya matani angapo poyerekeza ndi supalinki, koma mabimu a mamita 13, amene ogulitsa ambiri ku Gauteng amasunga, amagona bwinobwino popanda chilolezo chapadera. Imakhotanso mosavuta polowa pa saiti. Za iyi palibe zambiri zonena: ngati katundu wanu akukwana, itengeni.

Nkhani imakula tikafika pa ngolo yotambasuka, imene amaikoka pakati n'kutalika mpaka mamita 20 kapena kuposa. Anthu ambiri amaganiza kuti amangowonjezera pang'ono pa mtengo wa thiraki wamba. Tiyeni tiwerengere. Bimu ya saizi yotchedwa 254 x 146 x 31 imalemera makilogalamu 31 pa mita, choncho ya mamita 18 ndi makilogalamu 558. Mukafuna mabimu 12, katundu yense ndi matani 6.7 okha. Mwini thiraki salipiritsa matani, amalipiritsa ulendo, ndipo ulendo wa Johannesburg kufika Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,750, dizilo wake ndi yemweyo. Ndiye kuti ngakhale akanati akupatseni mtengo wofanana ndi wa supalinki yodzaza, tani yanu iliyonse ikanadula kasanu. Koma sangakupatseni mtengo wofanana.

Choyamba, ngolo zotere ndi zochepa, ndipo mwini wake amadziwa kuti mulibe kothawira. Chachiwiri ndi zilolezo. Ku South Africa chilolezo cha abnormal chimaperekedwa ndi chigawo chilichonse pachokha, ndiye pa msewu wa N1 mufunika cha Gauteng ndi cha Limpopo. Kenako Zimbabwe ifuna chake, Mozambique chake, kwathu kuno a Road Traffic nawonso chawo. Mapepala asanu, aliwonse ndi masiku ake ogwira ntchito. Thiraki ikachedwa pa Beitbridge, mutha kupeza chilolezo cha kutsogolo chatha mphamvu musanachigwiritse n'komwe, n'kuyambanso kulipira. Pa Beitbridge pomwepo, chiyambire kukonzedwa kwa chipatacho mu 2021, thiraki ya abnormal imalipira ndalama yokwera kuposa thiraki wamba. Pa mageti athu a Chingeni ndi Kalinyeke namonso abnormal ili ndi mtengo wakewake wapamwamba.

Chachitatu, chimene ambiri sachiwerengera, ndi nthawi. Katundu wa abnormal kawirikawiri amayenda masana okha, ndipo zilolezo zina zimaletsa kuyenda kumapeto kwa sabata ndi pa maholide. Utali ukafika pena pake amafunanso galimoto yoperekeza, ya nyali zachikasu ndi chikwangwani, imene ili ndi dalaivala wake, mafuta ake, malo ake ogona ndi ulendo wake wobwerera. Zonsezi zimalowa mu invoisi yanu. Kumbukiraninso kuti chilolezo chimaperekedwa pa katundu amene sangagawike. Mutha kuwonjezera zitsulo zina zazifupi pamwamba kuti ngolo isayende ndi mpweya, ndipo muzitero ndithu, koma kulemera kuyenera kukhala m'kati mwa malire a masiku onse. Pakati pa ngolo yotambasulidwa pamakhalanso mpata wopanda thandala, pomwe tizitsulo tatifupi tilibe pogona.

Ine ndimaona kuti ngolo yotambasuka imayenera pa zinthu zochepa kwambiri: bimu ya kireni ya m'fakitale yomwe injiniya wakana kuidula, thanki, chitoliro cha utsi, zitsulo za mlatho zobwera zopangiratu. Sheti wamba yosungiramo fetereza kapena chimanga siyifika pamenepo.

Njira imene imapulumutsa ndalama zambiri imayambira pa pulani, zitsulo zisanagulidwe. Bimu ya mamita 18 ija ikadulidwa kukhala 12 ndi 6, yaikulu imagona pa ngolo yakumbuyo ya supalinki, yaing'ono pa yakutsogolo, ndipo malo otsala mumadzaza ndi mapalini (zitsulo zokhomerapo malata), maengo (zitsulo zangodya), mapuleti ndi zitsulo za konkire mpaka matani akwane. Taonani kuti sindinanene 9 ndi 9. Bimu yokhala pa mizati iwiri imavutika kwambiri pakati penipeni, ndiye kuika mfundo pamenepo n'kuika chofooka pamalo pomwe pakufunika mphamvu. Mfundo ya pa mamita 6 ili kutali ndi pakati, ndipo mainjiniya ambiri amailandira mosavuta. Koma malo a mfundo ndi kukula kwa mapuleti ake amanena ndi injiniya, osati mmisiri wowotcherera kapena mwini thiraki.

Kulumikizako kuli ndi mtengo wake, tisanamizane. Pamafunika mapuleti pamwamba, pansi ndi m'mbali, mabowo oboola molondola, ndi mabawuti a giredi 8.8, osati aja osalembedwa kanthu pamutu ogula pa msika. Ngati n'kotheka, mabowo aboolere komwe mwagula zitsulo, ndipo zidutswa azilembe manambala ndi penti. Tsiku lokweza denga, kireni ikuwerengera maola, mudzaona ubwino wake: mnyamata angoyang'ana B3 ndi B3 mnzake, mabowo n'kukumana, bawuti n'kulowa popanda kumenya ndi hamala. Kuwotcherera pa saiti kumaoneka kotchipa, koma kumadalira dzanja la munthu mmodzi, ndipo magetsi akathima mumafunika jenereta yamphamvu. Weludi yooneka bwino kunja ingathe kukhala yosalowa m'kati, ndipo zida zoyezera zimenezi sizipezeka paliponse. Ngakhale mutawerengera zonsezi, mfundo 12 sizingafike pa mtengo wa zilolezo zisanu, galimoto yoperekeza ndi ngolo yoyenda ndi matani 7.

Zitsulo za konkire ndi nkhani ina. Zimabwera za mamita 12, ndipo thiraki yaikulu zimaikwana ndendende. Y12 imodzi, chitsulo chonenepa mamilimita 12, imalemera makilogalamu 10.7, choncho matani 30 ndi zitsulo pafupifupi 2,800. Vuto limadza pozichotsa pa hadiweya kupita ku saiti ndi lole ya matani 3 kapena 7. Ena amazipinda pakati, ena amazidula 6 ndi 6. Kudula kumadya chitsulo, chifukwa polumikiza ziyenera kupitana ndi utali wokwana pafupifupi ka 50 kunenepa kwake. Pa Y16 ndi masentimita 80 pa mfundo iliyonse, kapena kuti pafupifupi 7 pa 100 iliyonse ya chitsulo chanu. Kupinda nako kumasiya chilema: poongola, malo opindikawo saongoka bwino, ndipo pa zitsulo zonenepa pamatha kuchita ming'alu. Ngati mukugula zambiri, kubwereka lole yaitali kamodzi kumaposa maulendo anayi a kalole kakang'ono.

Malata aatali musavutike nawo n'komwe kuwadutsitsa m'zipata zitatu. Lata la mtundu wa IBR la mamita 15 n'lopepuka, losachedwa kupindika, ndipo tcheni kapena lamba womangidwa mothina amalisiyira mabala. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli makampani amene amaitanitsa makoyilo n'kumadula malata pa muyezo umene mwapereka. Koyilo ya matani asanu imakwana pa thiraki yaikulu iliyonse.

Amene akuitanitsa kuchokera ku China kapena ku India kudzera pa doko la Beira ali ndi malire ena, a kontena. Ya mafiti 20 m'kati mwake ndi mamita 5.9, choncho paipi ya mamita 6 siilowa, n'chifukwa chake mapaipi ambiri ochokera kumeneko amakhala a 5.8. Ya mafiti 40 imalandira mpaka 11.8 mosavuta. Mukalemba 6 ndi 12 pa oda osaganizira zimenezi, katunduyo afunika kontena yaikulu kapena abwera wosapakira m'kontena, ndipo ndalama za padoko zisintha. Ubwino wa Beira ndi mtunda, womwe ndi pafupifupi theka la wa Johannesburg, komanso mumadutsa chipata chimodzi chokha.

Thiraki iliyonse imene mungasankhe, sikelo ya pamsewu imayeza ekiselo iliyonse, osati kulemera konse kokha. Chitsulo n'cholemera koma chimatenga malo ochepa, ndiye thiraki itha kukhala pansi pa matani 56 koma n'kugwidwa pa Mwanza kapena pa Balaka chifukwa mitolo yaunjikana malo amodzi. Matumba a simenti anyamata atha kuwasuntha ndi manja. Mtolo wa mabimu umafuna kireni, ndipo thiraki imaima mpaka kireniyo ipezeke.

Choncho musanavomere koteshoni, mufunseni mwini thiraki kuti mtengowo ukuphatikiza zilolezo, mageti ndi woperekeza kapena ayi, masiku odikirira aulere ndi angati pa chipata ndi potsitsa, inshuwalansi ya katundu ikufika ndalama zingati, ndipo chindapusa cha pa sikelo alipira ndani. Mupitenso nokha ndi tepi kukayeza polowera pa saiti. Ngolo ya mamita 20 siikhota pa kamsewu ka ngalande mbali zonse, ndipo ikakanika pa geti, zitsulo zimatsikira pa msewu waukulu, inu n'kulipiranso lole ina yozilowetsa m'kati.