National Archives ya ku Kew: zimene wolemba za akazitape a nkhondo adzapezako ndi zimene sadzamupatsa

Munthu amene akufuna kusindikiza zimene iye kapena kholo lake anachita pa ntchito yaukazitape ya Britain m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ayenera kutsimikizira nkhaniyo ndi zikalata za boma. Malo ake ndi National Archives, nyumba yosungira zikalata za boma la Britain, ku Kew, kumadzulo kwa London. Amatumikira bwino ndipo salipiritsa, koma ambiri amapitako akuyembekezera zinthu zimene nyumbayi ilibe mphamvu zopereka.

Kulowa sikuvuta. Amatsegula Lachiwiri mpaka Loweruka. Kuti mugwire zikalata zenizeni mufunika tikiti yowerengera, ndipo amaipereka mukaonetsa ziphaso ziwiri, china cha dzina china cha kumene mukukhala. Itanitsiranitu mafayilo pa Discovery, mndandanda wawo wa pa intaneti, kuti musathere m'mawa wonse mukudikira. M'chipinda chowerengera amalola pensulo yokha, zikwama zimatsala m'maloka. Kujambula ndi foni n'kololedwa bola osawalitsa. Yambani ndi chikuto chimene chili ndi nambala ya fayilo, chifukwa mukafika kunyumba ndi zithunzi mazanamazana zopanda nambala simudzadziwanso kuti tsamba liti lachokera kuti, ndipo wosindikiza sadzakulandirirani umboni wotero.

Chuma chenicheni chili m'magulu a zilembo. HW ndi zikalata za Bletchley Park, kumene ankamasula mauthenga obisika a adani. Mu HW 1 muli zimene ankatumizira nduna yaikulu Winston Churchill tsiku ndi tsiku. DEFE 3 ndi mauthenga omasulidwa amene anayamba kutsegulidwa mu 1977. KV ndi za MI5, bungwe laukazitape loona za chitetezo cha m'dziko la Britain, zomwe zinayamba kufika kuno mu 1997: KV 2 ndi mafayilo a anthu, ndipo ambiri mungawatsitse pa intaneti osaponda ku Kew. HS 9 ndi mafayilo a anthu a SOE, bungwe limene linkatumiza anthu mwakabisira m'mayiko olandidwa ndi adani.

Mavuto amayambira pomwepo. Kufufuza ndi dzina lenileni nthawi zina sikubala kanthu, popeza akazitape ena ankalembedwa ndi dzina lachinsinsi. Yesani onse awiri, komanso dzina la ntchito imene anatumidwa. Zikalata zambiri za SOE zinawonongedwa nkhondo itatha, zina zinapsa ndi moto ku maofesi a bungweli ku Baker Street, mu London, mu 1946. Fayilo ya HS 9 imakhala yotseka mpaka patadutsa zaka 100 chibadwire mwini wake, pokhapokha mutapempha kudzera m'lamulo la Freedom of Information (lopatsa anthu ufulu wopempha zikalata za boma) ndi kutumiza umboni wakuti anamwalira. Apa antchito amathandizadi, kungoti yankho limatha kuchedwa kuposa masiku 20 ogwira ntchito.

Mukatsegula fayilo ya KV 2 mudzakumana ndi tsamba la fotokope pakati pa mapepala akale achikasu. Pamene panali dzina pangotsala malo oyera, ndipo m'mphepete muli chidindo chonena kuti tsamba lenileni lasungidwa ku dipatimenti motsatira gawo 3(4) la Public Records Act ya 1958. Musavutike kutsutsana ndi wa pa kauntala, sanafufute ndi iye. Lamulo la Freedom of Information nalonso silikhudza mabungwe aukazitape monga MI5. MI6, bungwe laukazitape wa kunja kwa dziko, ndiye sipereka n'komwe zikalata zake kuno. Zochepa zimene mungaone ndi makalata ake amene anatsalira m'mafayilo a maofesi ena.

Chofunika kwambiri kuchimvetsa ndi ichi: kupezeka kwa nkhani ku Kew si chilolezo chosindikiza. Mbiri ikuchitira umboni. Wolemba mabuku Compton Mackenzie anamulipiritsa chindapusa cha £100 mu 1933 chifukwa cha buku la zimene anachita ku Greece pa nkhondo yoyamba. J.C. Masterman analemba lipoti la akazitape a Germany amene anatembenuzidwa n'kumagwirira ntchito Britain mu 1945, koma linatuluka mu 1972, ndipo anachita kukalisindikizira ku America. Chinsinsi cha Bletchley chinaululika poyera mu 1974 ndi buku la F.W. Winterbotham, komabe Gordon Welchman, mmodzi wa amene ankagwira ntchito kumeneko, atafotokoza mu 1982 njira zimene ankagwiritsa ntchito, anamulanda chilolezo chogwira ntchito zachinsinsi ku America. Zotsatira za ntchitoyo boma linazilekerera, koma njira zake linakakamirabe. Mlandu wofuna kuletsa buku la Peter Wright, yemwe kale anali wa MI5, umene boma la Britain linagonja m'makhoti a ku Australia, unatsatiridwa ndi Official Secrets Act ya 1989. Gawo 1 la lamuloli limamanga pakamwa wogwira ntchito yaukazitape moyo wake wonse, ndipo sangadziteteze ponena kuti anaulula pofuna kuthandiza anthu.

Mwana amene wapeza zolemba za malemu bambo ake samangidwa ndi gawo limenelo, koma gawo 5 limakhudza wolandira chinsinsi amene wachiulula akudziwa kuti chiwononga. Pa nkhani za m'ma 1940 ngoziyo ndi yochepa, ngakhale kuti mayina a anthu amene ankapereka uthenga mobisa amatetezedwabe. Apa ndi pamene Kew imapindulitsa. Pa mfundo iliyonse yovuta m'zolemba zanu, lembani pambali nambala ya fayilo yotseguka imene ikunena zomwezo. Mfundo zimene zasowa nambala ndi zimene muyenera kupita nazo kwa loya wa wosindikiza, kapena kwa mlembi wa komiti ya DSMA, amene amalangiza atolankhani ndi osindikiza mabuku pa nkhani za chitetezo. Malangizo ake sakakamiza, ndiponso sakutetezani ku mlandu, koma amasonyeza msanga ndime imene boma lingaikane.