Uphungu wa maganizo kuchipatala cha kwathu: amayeza kenaka n'kusintha njira

Amene mukuvutika ndi kuganiza kwambiri kuno ku Mangochi, kachipinda ka uphungu ka pachipatala chimene ndimapita ine n'koyenera kukayesa, ndipo salipiritsa. Ine ndimagulitsa usipa wouma. Bambo a ana ali ku Joni ndipo anasiya kutumiza ndalama, ngongole ya banki m'khonde inandifika pakhosi, tulo tinathawa, nsima osalowa.

Anamwino a pamenepa ndimawayamikira chifukwa sangoyang'ana nkhope n'kunena kuti mwachira. Nthawi zonse amayamba ndi pepala la mafunso 9 lotchedwa PHQ-9, la m'Chichewa, lofunsa za masabata awiri apitawo: tulo, kudya, kutopa, kudziona wolephera, mpaka maganizo ofuna kudzipha. Funso lomalizali amalifunsa mosazungulira, koma mwaulemu. Yankho lililonse limapatsidwa 0 mpaka 3, zonse pamodzi sizidutsa 27, ndipo nambala ikakhala yaikulu ndiye kuti vutonso ndi lalikulu. Nambalayo amailemba m'buku langa la chipatala ngati mmene amalembera sikelo ya mwana.

Poyamba anandiphunzitsa kupuma mokoka mpweya ndi kumapita kukacheza ndi anzanga. Nambala sinatsike. Sanandinene kuti sindikulimbikira, anangoti, "Mayi, njira iyi siyikukuyanjani, tiyese ina." Tinalemba mavuto onse, ndinasankha limodzi loti ndingathe kuligwira, n'kugwirizana chochita sabata imeneyo. Changa chinali kukaonana ndi a tcheya a banki kuti ndizibweza pang'onopang'ono, chinthu chimene ndinkachiopa mpaka kumalambalala nyumba yawo. Iyi ndi njira ya Friendship Bench imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Zimbabwe, kumene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi ndi anthu ovutika maganizo, ndipo kafukufuku wa ku Harare wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti imathandizadi. Apa m'pamene nambala yanga inayamba kutsika, ndipo kuiona ndi maso anga kunandipatsa mphamvu zobwereranso. Akaona kuti kulankhula kokha sikukwanira amakutumizani kwa owona za mankhwala, ndipo odwala kwambiri amapita nawo ku Zomba Mental Hospital.

Zondidandaulitsa zilipo. Chitseko sichitsekeka bwino, ndiye a pamzere amamva ukamalira, pamene ena mwa iwo ndi makasitomala ako kumsika. Namwino wodziwa ntchitoyi ndi mmodzi, akachoka mumabwerera osathandizidwa. Chachikulu ndi chilankhulo: pepala lili m'Chichewa chokha, pomwe amayi ambiri achikulire kuno zakumtima amazifotokoza bwino m'Chiyao. Munthu akangovomera funso asanalimve, nambala imanama, ndipo thandizo limene angasankhiridwe limakhala la munthu wina. Akuluakulu a chipatala apeze wofunsa m'Chiyao, akonzenso chitsekocho.

Mukamapita lawirirani m'mawa, ndipo musaiwale buku lanu la chipatala.