Makhadi a mafunso ongoyerekeza a alembi: zimene ndaona patatha miyezi inayi

Ndinagula bokosi la makhadi amenewa mu Julaye, nditaona wamalonda wina wa ku Blantyre akuwatsatsa pa Facebook, ndipo ndachedwa dala kulemba ndemanga chifukwa ndinkafuna kuti ayambe adutsa m'manja mwa anthu ambiri, osati mwa ine ndekha. Ndine mphunzitsi wa sekondale kuno ku Mangochi, ndipo Loweruka lililonse masana timakumana anthu 8, nthawi zina 10, amene timayesayesa kulemba nkhani zopeka za sayansi ndi nthano za zozizwitsa. Khadi lililonse lili ndi funso limodzi lanthabwala, la mtundu wa "zitati zachitika mungatani", lokonzedwa kuti lifunsidwe kwa mlembi wa nkhani zoterezi, ndipo kumbuyo kwake kuli mizere ingapo yofotokoza kumene ganizolo linachokera. Onse analembedwa m'Chingerezi, choncho mafunso amene nditchule pano ndikuwanena mmene timawanenera tikakhala patokha.

Za kafikidwe ka katundu sinditalikitsa. Ndinalipira pa foni, bokosi linabwera pa minibasi yodzera ku Liwonde patatha masiku 5, ndipo kondakitala anandiimbira atafika pa depoti. Ngodya imodzi ya bokosi inali itaphwanyika, koma makhadi anali bwinobwino, kungoti powerenga manambala ndinapeza kuti pa 46 akulumphira pa 48. Wogulitsa analonjeza kuti anditumizira chithunzi cha khadi losowalo, ndipo mpaka lero ndikudikirabe.

Khadi loyamba limene linationetsa kuti ndalama sizinalowe m'madzi linali la makina oyendera nthawi. Kumbuyo kwake analembapo kuti H. G. Wells ndi amene anatchukitsa ganizo limeneli ndi buku lake la mu 1895, zimene ndi zoona, koma mphamvu ya funsolo inali pa malire amene linaika. Linkati makinawo akupititsani chaka chilichonse chimene mwasankha, ulendo umodzi wokha, koma simungachoke pamalo pamene mwakhalapo kupitirira makilomita 5. Pakanapanda malirewo aliyense akanathamangira ku Iguputo kukaona mapiramidi akumangidwa, ndipo tikanayasamula. Chifukwa cha malirewo tinakakamizika kuyang'ana Mangochi yemweyu. Bambo wina wa m'gulu mwathu, amene anapuma ntchito yaukalaliki ndipo tonse timawaitana kuti madala, anasankha chaka cha 1914. Anati akufuna kukaona sitima ya Gwendolen, imene mfuti yake ili pafupi ndi wotchi ya chikumbutso cha Mfumukazi Victoria, sitima imene mu Ogasiti chaka chimenecho inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli ku Tanzania. Titawafunsa ngati akufuna kukacheza ndi kaputeni, anapukusa mutu ndi kunena kuti iwo akufuna kukapeza anthu amene ankasonkhezera nkhuni pansi pa sitimayo, awafunse mayina awo ndi midzi yawo.

Mtsikana wina wa Fomu 4, amene kawirikawiri amangomvetsera, ndi amene anatembenuza nkhani yonse. Anati iye sangakwere makinawo ngati akubwerera m'mbuyo kupitirira 1891, chaka chimene linga la Angerezi la Fort Johnston linamangidwa kuno ku Mangochi, chifukwa m'zaka zimenezo magulu a akapolo ankawolokera mtsinje wa Shire cha kwa Mponda, ndipo mtsikana wachilendo wopanda mbale angathe kupezeka ali mu goli dzuwa lisanalowe. "Madala, inu mukupita kukaona, ine ndikapita kukagulitsidwa," anatero. Tinaseka, kenako tinakhala chete. Sabata yotsatira anabwera ndi nkhani ya masamba 6 yochokera pa yankho limenelo, ndipo ndi nkhani yoyamba imene waimaliza chilowereni m'gulu lathu.

Ndaona kuti makhadi onse abwino m'bokosili ali ndi khalidwe limeneli: amapereka chozizwitsa ndi dzanja lamanja, n'kulanda kanthu ndi lamanzere, kotero kuti mlembi sangayankhe asanaganize za mtengo wa chozizwitsacho. Khadi la Mars ndi chitsanzo china. Limati mwasamukira ku Mars ndipo mwayambana ndi wachibale amene watsala padziko lapansi, mkanganowo muuyendetsa bwanji pa foni. Kumbuyo anafotokoza kuti uthenga wa wailesi umatenga mphindi zapakati pa 3 ndi 22 kuti ufike mbali imodzi, malinga ndi pamene mapulaneti awiriwa ali. Mayi wina amene amagulitsa nsomba zouma pamsika anawerengera pomwepo kuti Mars ikakhala kutali kwenikweni, kungoti "muli bwanji" ndi kumva "ndili bwino, kaya inu" ndi mphindi 44, ndipo kwathu kuno munthu salowa m'nkhani asanafunse za ana, za odwala ndi za mvula. Anati ankhoswe akanati aziweruza mlandu wa banja motero, akanafika pa nkhani yeniyeni mkazi atakhululuka kale. Khadi la mwezi nalo linatipatsa ntchito. Popeza mphamvu yokokera zinthu pansi kumwezi ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a kuno, ndowa ya malita 20 ingalemere pamutu ngati makilogalamu atatu ndi pang'ono, ndipo anyamata anafulumira kunena kuti kumwezi kutunga madzi ndi masewera. Mphunzitsi mnzanga wa sayansi anawakumbutsa kuti ndowayo yapepuka pamutu pokha, koma kuiimitsa ukamathamanga n'kovuta chimodzimodzi, ndipo panja, popanda mpweya, madziwo sangakhalitse mu ndowa yosavundikira. Mkangano umenewo unatenga theka la ola, ndipo palibe amene anayang'ana pa foni.

Khadi la maloboti limatchula malamulo atatu amene Isaac Asimov anawaika m'nkhani yake ya mu 1942, makamaka loyamba, loti loboti isavulaze munthu kapena kungoonerera munthu akuvulala. Funso lake n'lakuti ndi ntchito iti ya pakhomo panu imene loboti yotereyi ingaisokoneze. Mnyamata wina amene bambo ake ndi msodzi cha ku Makawa anayankha kuti ataiika pa doko m'miyezi ya mwera, ingamange maboti onse ndi unyolo ndi kuwakhalira, chifukwa palibe usiku umene munthu amalowa panyanja popanda chiopsezo, ndipo mudzi wonse ungagone ndi njala uli wotetezeka. Yankho limenelo ndinalilemba kuseri kwa kope langa, chifukwa mnyamatayo anali asanawerengepo Asimov koma anagwira pamene pali mfundo.

Tsopano ndinene zimene sizinandikomere, ndipo si zochepa. Pafupifupi khadi limodzi mwa atatu alionse limaganiza kuti woyankha anakulira kumene kumagwa chipale chofewa ndiponso anamva nthano za ku Ulaya ali pamsana. Likafunsa kuti chinjoka chamapiko cholavula moto mungachisunge kuti m'nyumba mwanu, kapena kuti mungakonde kukhala mtundu uti wa tianthu ta m'nkhalango za m'nthano zawo, ndimayamba ndafotokoza kwa mphindi 10 kuti zinthu zimenezi n'chiyani, ndipo pofika pomaliza nthabwala imakhala itazizira ngati nsima ya dzulo. Tinayesa kuika Napolo m'malo mwa chinjokacho, koma tinaona msanga kuti sizifanana. Chinjoka cha pa khadi ndi choseweretsa, pamene Napolo anthu amamutchula pokumbukira madzi ndi miyala zimene zinatsika m'phiri ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndipo alipo anthu amoyo amene anataya abale awo kumeneko. Funso loti mungamudyetse chiyani silinaseketse aliyense.

Chimene chinandidetsa nkhawa koposa ndi makhadi okhudza ufiti. Lina limafunsa kuti mungasankhe chokwera chamatsenga chiti, ndipo wina atayankha kuti lichero tinaseka ndithu, mpaka m'modzi wa ife ananena mosaseka kuti zimenezo si zopeka ndipo tisazisewere. Limenelo tinalidutsa bwino, ndipo linatipatsa zokambirana zothandiza za pamene pali malire a nthano ya zozizwitsa kwa owerenga amene amakhulupirira zimene mlembi akuyesa kuti wangopeka. Koma lina limati: mwa anthu oyandikana nawo nyumba, ndani amene ndi mfiti mobisa, ndipo mwadziwa bwanji? Amene analemba funso limeneli ayenera kuti ankaganiza za gogo wachifundo wovala chipewa chosongoka. Kuno funso lomwelo, likayankhidwa mokweza pansi pa mtengo wa mango mwana wa mnansi akumvetsera, likhoza kufika kwa amfumu dzuwa lisanalowe. Lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo tonse tikudziwa kuti okalamba ena amenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha mawu oterowo. Khadi limenelo ndinalichotsa tsiku lomwelo ndi kulitsekera m'dirowa, ndipo aliyense amene akufuna kugwiritsa ntchito bokosili ndi ana asukulu ndikumupempha kuti ayambe wawerenga makhadi onse payekha.

Ndinakhumudwanso kuti kumbuyo kwa makhadi onse sindinapezeko dzina la mlembi ngakhale m'modzi wa ku Africa kuno. Zimenezi zikanamveka zaka 30 zapitazo, koma osati lero, pamene Nnedi Okorafor analandira mphoto yotchuka ya nkhani zopeka za sayansi ya Hugo mu 2016, pamene mphoto za Nommo za alembi a ku Africa a nkhani zoterezi zakhala zikuperekedwa kuyambira 2017, ndiponso pamene kwathu konkuno Shadreck Chikoti analemba buku la Azotus the Kingdom, lonena za Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Ana amene ndimawaphunzitsa akaona mayina a ku Ulaya ndi ku America okhaokha amayamba kuganiza kuti iwo ndi alendo pa ntchito imeneyi, ndipo ndimataya nthawi kuwatsimikizira kuti si choncho.

Pa kapangidwe, pepala lake ndi lolimba ndipo zilembo za mafunso ndi zazikulu bwino, moti madala amawerenga opanda magalasi. Zilembo za kumbuyo ndi zazing'ono kwambiri ndi zotuwa, ndipo magetsi akazima tikamawerengera tochi ya foni zimatha maso. Kutentha kwa Okutobala kunawayesa kwambiri. Ndinaiwala bokosilo pa zenera la kalasi kwa masiku awiri, ndipo ndinapeza kapulasitiki kopyapyala ka pamwamba katayamba kusendeka m'mphepete mwa makhadi angapo, ena atamatirirana moti ndinawalekanitsa ndi lezala. Vuto limenelo linali langa, koma aliyense wokhala kunyanja adziwe kuti makhadiwa safuna dzuwa. Ndi opepukanso, kotero tikakhala panja timawamanga ndi labala ndi kuwatsindika ndi mwala, titaphunzira tsiku lina mu Ogasiti pamene mphepo inauluzira makhadi asanu m'munda wa chinangwa wa eni ake. Mtengo wake, kuphatikizapo ya minibasi, unaposa wa mabuku awiri a kusukulu, ndipo munthu wofuna kusewera yekha sindingamulimbikitse kugula, chifukwa funso lanthabwala limafuna wina wokutsutsa. Gulu la alembi, kalabu ya kusukulu kapena wofunsa mafunso pa wailesi angapindule nalo, makamaka akasonkherana. Pa nyenyezi 5 ndikulipatsa 3.

Khadi la nambala 47 litakanika kubwera, tinadula katoni ya sopo kukula kwake kofanana ndi makhadi enawo ndi kulembapo funso lathu, ndipo chiyambire pamenepo tadula ena 14. Lina limafunsa kuti Kamdothi akanapatsidwa ambulera nthano yake ikanatha bwanji. Lina limati nyanja yathuyi, imene pena imazama mamita oposa 700, yaphwa usiku umodzi, ndipo mwaloledwa kutolako chinthu chimodzi chokha pansi pake madzi asanabwerere. Limene latisowetsa mtendere ndi la mayi wa nsomba uja, loti chambo chapatsidwa mphamvu yolankhula kwa tsiku limodzi ndipo chaitanidwa ku bwalo la amfumu: chidzasumira msodzi, wogula, kapena amene anasoka ukonde wa udzudzu kukhala khoka? Loweruka lapitali tinabalalika mdima utagwa tisanagwirizane, ndipo madala anatenga khadilo kupita nalo kwawo, akuti akafunse akazi awo.