Sony FDR-AX53: chithunzi chake n'chabwino, koma mawu amafuna kuwasamalira

Kamera iyi inatuluka mu 2016 ndipo ikadali yodalirika kwa ojambula maukwati, zinkhoswe ndi mapemphero. Ili ndi zoom ya 20x, ndipo lens yonse imayandama m'kati mwake, choncho chithunzi sichigwedera kwambiri ngakhale mukujambula mukuyenda. Chimene chimagwetsa anthu ndi menu, makamaka posankha mtundu wa fayilo ndi polumikiza maikolofoni yakunja.

Mitundu ikuluikulu ya fayilo ilipo itatu: XAVC S 4K, XAVC S HD ndi AVCHD. Pa 100 Mbps (kuchuluka kwa deta yolembedwa pa sekondi), 4K imadya pafupifupi 45 GB pa ola, kutanthauza kuti khadi la 64 GB limadzaza ola ndi theka lisanakwane, komanso khadilo liyenera kukhala la U3 (chizindikiro cha khadi lothamanga), apo ayi kamera imakana. Laputopu yakale imatsamwa nayo pokonza filimu. Pa mwambo wa tsiku lonse ife timalimbikitsa XAVC S HD pa 50p, kutanthauza zithunzi 50 pa sekondi. Imatenga 50 Mbps, pafupifupi 22 GB pa ola, magule amaoneka osalala, ndipo Intelligent Active, yomwe imachepetsa kugwedera koposa zonse, imapezeka pa HD pokha. AVCHD imasunga malo, koma imadula kanema wautali m'zidutswa za .MTS. Pokopera tengani foda yonse ya PRIVATE, chifukwa mukatola zidutswa pazokha mawu amatha kudumpha polumikizira.

Pogula funsani komwe kamerayo inachokera. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndiye mukufunika ya 25p ndi 50p. Yogulidwa ku America imajambula pa 30p ndi 60p, ndipo pansi pa machubu a muholo chithunzi chimaphethira. Kuika shutter (nthawi yomwe kamera imalandira kuwala pa chithunzi chilichonse) pa 1/100 kumachepetsa vutoli.

Kumbali ya mawu n'kumene kamerayi ikuperewera. Ilibe XLR (polumikizira pa mano atatu pa maikolofoni za akatswiri) kapena mphamvu ya 48V imene maikolofoni zina zimafuna. Kabowo kake ka maikolofoni ndi ka 3.5 mm, kopereka timagetsi tochepa ta plug-in power. Pulagi yoyenera ndi ya mizere iwiri yakuda. Ya mizere itatu ndi ya foni, ndipo mukaibaya mwachindunji nthawi zambiri simumva kanthu. Maikolofoni yapakolala ngati Boya BY-M1 ili ndi switch: ikhale pa Cameras, ndipo batire yake ya LR44 ikhale yamoyo. Pulagi ya mzere umodzi imalowetsa mawu kumanzere kokha.

Audio Rec Level, mulingo wa mawu ojambulidwa, musaisiye pa Auto. Wolankhula akapuma, kamera imakweza yokha mphamvu n'kukoka phokoso la jenereta ndi mafani, kenako akayambiranso mawu oyamba amaphulika. Ikani pa Manual, yatsani Audio Level Display (mizere yoonetsa kukwera kwa mawu pa sikirini), muuzeni munthuyo alankhule mokweza monga adzachitire pa mwambo (alaliki ambiri amayesera motsitsa, samalani), kenako tsitsani mpaka mizere isamafike kumapeto. Ngati maikolofoni ili ndi +20 dB ngati Rode VideoMic Pro, yatsani imeneyo n'kutsitsa ya kamera, phokoso la pansi limachepa. Pamwamba pa kamera pali shoe (pomangirira maikolofoni) yolowa m'kati yokhala ndi kachitseko, moti maikolofoni zina zimafuna adapta kuti zikhale bwino.

Choopsa kwambiri ndi kutenga mawu ku mixer ya tchalitchi kapena ya DJ. Mixer imatulutsa line level, yamphamvu kutalitali kuposa zomwe kabowoka kamayembekezera, ndipo mawu amasweka ngakhale mutatsitsa mpaka pansi. Pamafunika chingwe chokhala ndi attenuator, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya mawu. Chinanso, chingwe wamba chochoka pa XLR kupita ku 3.5 mm ya stereo chimatha kuika mawu otsutsana kumanzere ndi kumanja. M'mahedifoni zimamveka ndithu, koma kasitomala akatsegula pa foni ya sipika imodzi mawu amafufutana n'kutsala kanong'onong'o. Yesani kachidutswa pa foni mwambo usanayambe.

Kabowo ka mahedifoni kalipo, ndipo mahedifoniwo ayenera kukhala m'makutu nthawi yonse yojambula. Kwa wojambula yekha wa maikolofoni imodzi, AX53 ndi yokwanira. Amene ntchito yake imafuna maikolofoni ziwiri, iliyonse ndi mulingo wake, awonjezere ndalama agule ya XLR monga Canon XA40.