Jezi ya Gerrard yabwera ndi nambala 17, ndinakalipa zedi

Ndinaitanitsa jezi yofiira ya Liverpool ya 2001, ya Reebok yolembedwa Carlsberg pachifuwa, kwa mnyamata uja amagulitsa majezi akale pa WhatsApp. K45,000 ndinatumiza tsiku lomwelo, iye n'kundiuza kuti sabata imodzi basi. Panatha masabata atatu. Mauthenga akuwerenga, kuyankha ayi.

Itafika ndinaitsegulira pa depoti pomwepo, kondakitala akuyang'ana. Kumbuyo GERRARD, pansi pake 17. Ndinapsa mtima mpaka manja kunjenjemera. Ndani sadziwa kuti Gerrard ndi 8? Ndi nambala imene anavala ku Istanbul pa ndime yomaliza ya Champions League mu 2005 pomwe anamwetsa chigoli ndi mutu, AC Milan ikutsogola 3-0, anzake n'kudzuka mpaka kutenga chikho. Ndinamuimbira kanayi, ulendo wachisanu ndi pomwe anayankha. Ndinati, "Achimwene, mwanditumizira zotsala za munthu wina eti?" Iye osapepesa, anangoti, "Bwana, mwaitanitsa ya 2001. Kafunseni kuti 8 ankavala ndani." N'kudula foni. Kudula foni munthu ndikuyankhula!

Madzulo ndinakadandaula kwa amalume, amene anayamba kukonda Liverpool ine ndisanabadwe. Anaseka mpaka kutsokomola. Nthawi ya mphunzitsi Houllier 8 inali ya Emile Heskey, Gerrard ankavala 17 mpaka 2004. Mu 2001 Liverpool inatenga zikho zitatu, ndipo pa ndime yomaliza ya UEFA Cup ku Dortmund, pomwe anagonjetsa Alavés 5-4, Gerrard anamwetsa chigoli chachiwiri atavala 17 yomweyo. Manyazi anandigwira. Mnyamata uja mpira amaudziwa, ulemu ndi umene alibe.

Nsalu yake ndi yolemera bwino, sikuonekera mkati ngati zija za pa kaunjika. Ndachapa kanayi, mtundu sunasuluke, koma chilembo D chayamba kumatuka pakona, ndiye musasite kumbuyoko. Ndinatenga L koma ikundithina m'mapewa.

Ndikaivala kokaonera mpira, a Chelsea sachedwa kundikumbutsa za mu 2014 pomwe Gerrard anaterereka, Demba Ba wawo n'kumwetsa chigoli, ena akuti munthu wanuyo uphunzitsi unamukanika, Aston Villa inamuchotsa ntchito mu 2022 chaka chisanakwane. Ine ndimawayankha za Rangers, yomwe mu 2021 anaitengetsa ligi ya ku Scotland osagonja masewero ngakhale amodzi. Za ku Al-Ettifaq, timu ya ku Saudi Arabia imene anakaphunzitsanso, ndiye ndimangokhala chete. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti achinyamata ambiri akaona 17 amathamangira kunena kuti jeziyi ndi yabodza, ine n'kuwaphunzitsa za Heskey ngati ndinkazidziwa kale.

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ya ku Istanbul ndikuifunabe ndipo mwina ndigula kwa iye yemweyo, koma ndalama adzalandira jezi ili m'manja mwanga.