Nyenyezi zinayi, koma mayi wa imelo uja sindinamukhululukire

Ndikanalemba ndemangayi mu Novembala, bwenzi nditapereka nyenyezi imodzi, imeneyonso chifukwa choti batani la ziro palibe. Ndinadikira dala kuti mtima uyambe wakhala pansi.

Ndemangayi ndi ya magazini ya anthu a chipembedzo cha Pagan, koma magaziniyi si yanga. Ine ndine wa CCAP, wobadwira ku Dedza, ndipo kuno ku Fife, ku Scotland, ndinabwera ndi ntchito ya unamwino. Ndimalipirira apongozi anga, mayi awo a bambo a kunyumba kwathu, amene ali m'chipembedzo cha Pagan kuyambira ine ndisanabadwe. Amuna awo ndiwo ankatumiza cheke chaka ndi chaka, ndiye iwo atatisiya mu Malichi ndinati zimenezi ndizisenza ine. Mapaundi 22 pachaka, makope anayi otchulidwa mayina a zikondwerero zawo, positi momwemo. Kope la Beltane, chikondwerero cha pa 1 Meyi, linafika nthawi yake, la Lughnasadh, cha pa 1 Ogasiti, chimodzimodzi. Pamenepo ndilibe nawo mawu.

Nkhani yanga ili pa kope la Samhain. Kwa amene simunakhalepo pafupi ndi anthu amenewa, Samhain ndi usiku wa pa 31 Okutobala, womwe ana a kuno amavala zoopseza n'kumapempha maswiti. Koma kwa apongozi anga si masewera ayi. Ndi usiku wokumbukira akufa. Amayala tebulo n'kuika mbale ya munthu amene kulibe, amayatsa kandulo pawindo, ndipo gulu lawo likakumana pamoto amatchula mayina a onse amene anatsogola chaka chimenecho. Ine poyamba ndinkaziona ndi diso la kutchalitchi, kenako ndinakumbukira agogo anga akuthira ufa patsinde pa mtengo uku akutchula mayina a makolo mmodzimmodzi, ndipo ndinatseka pakamwa. Magaziniyi imakhala ndi tsamba la mayina amenewo m'kope la Samhain. Analengeza m'kope la Lughnasadh kuti mayina afike pasanathe Ogasiti. Ine ndinatumiza pa 12 Ogasiti, dzina la apongozi anga aamuna, zaka zawo, ndi chithunzi ataima pamiyala ya ku Calanais pachilumba cha Lewis atavala juzi yawo yobiriwira ija. Yankho silinabwere, koma ndinangoti anthu otanganidwa, alandira.

Okutobala yense mayi ankadikira wa positi ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso. Ali ndi zaka 78, anawachita opaleshoni ya chiuno, kumoto sakanatha kupita. Tsamba limenelo ndilo linali mwambo wawo wonse wa chaka chino. Pa 31 panafika, kope osaoneka. Anayatsa kandulo yawo, osadandaula, ndipo kusadandaula kwawoko n'kumene kunandipweteka. Linafika pa 9 Novembala, envulopu itanyowa pakona. Ndinalipo tsiku limenelo. Anavala magalasi, anapita molunjika kutsamba lija, chala chikutsika pamayina, chinafika pansi, chinayambiranso pamwamba. Mayina 14, la amuna awo mulibe. Anangotseka magazini n'kundifunsa ngati ndimwe tiyi.

Abale, ndinapsa mtima. Usiku womwewo ndinalemba imelo yaitali, ndipo sindibisa, inali ndi minga. Ndinawauza kuti kwathu munthu ukaiwala kutchula dzina la malemu pamwambo wake, umapita wekha kukapepesa kubanja, sudikira kuti akufunse. Yankho linabwera patatha masiku asanu, mizere itatu. Mayi amene anayankhayo anati onse amene amapanga magaziniyi ndi odzipereka, palibe amene amalandira ngakhale khobidi, ndipo ngati ndikuona kuti n'zophweka ndibwere ndidzawathandize kuika m'maenvulopu kope la Imbolc, chikondwerero cha pa 1 Febuluwale. Mawu oti pepani munalibe. Ndinawerenga kanayi kuwafunafuna.

Ndikuvomera kuti ndinapitako chifukwa cha mkwiyo. Ndinkafuna ndimuone nkhope mayi ameneyu. Linali Loweruka lakumapeto kwa Januwale, kunja kukuda 4 koloko isanakwane bwino, ndipo ndinali nditachoka ku ntchito ya usiku, maso ali psuu. Ine ndinkayembekezera ofesi. Ndinapeza kachipinda ka kuseri kwa holo ya m'mudzi, hita imodzi yolira ngati njinga yamoto, makatoni atatu ochokera kosindikiza, ndi anthu asanu ndi mmodzi. Wamng'ono pa onsewo anali atadutsa zaka 60. Wina akupinda, wina akumata maadiresi, wina akuwerenga masitampa mokweza kuti asasokoneze. Bambo wina amene zala zake zinapindika ndi nyamakazi ankatseka maenvulopu ndi chigongono.

Ndi pamenepo pomwe ndinamva zimene zinachitika, osati kwa mayi uja, koma kwa bambo wa chigongonoyo. Amene ankasunga imelo ya mayina ndi kuyala masamba pakompyuta kwa zaka zambiri anadwala sitiroko mu Seputembala. Mawu achinsinsi otsegulira imeloyo anali m'mutu mwake mokha. Anzake anatola mayina amene anabwera pakalata ndi pafoni, a paimelo anatsalira m'katimo. Kuyala masamba anachita kuphunzira mayi wa mizere itatu uja, usiku, akuonera mavidiyo a pa YouTube, masana akusamalira amuna ake odwala. Kope linachedwa kufika kosindikiza ndi milungu iwiri, osindikizawo n'kuwaika kumapeto kwa mzere. Sikuti zimenezi zikufafaniza mlandu. Imelo ya gulu lonse kukhala m'mutu mwa munthu mmodzi n'kusalongosoka, ndipo ndinawauza pamaso. Koma mkwiyo umene ndinanyamula kuchokera kunyumba unasowa poutula.

Chimene chinandimaliza ndi ichi. Nditatchula dzina la apongozi anga aamuna, chipinda chonse chinasiya ntchito. Onse ankawadziwa. Ndiwo ankabweretsa nkhuni za moto wa Beltane ndi wa Samhain pangolo ya galimoto yawo kwa zaka zoposa 20, ndipo mvula ikagwa ndiwo ankadziwa kuyatsa nkhuni zonyowa. Usiku wa pa 31 uja, ngakhale dzina lawo linalibe papepala, linatchulidwa pamoto loyambirira, ndipo anasiya chikuni chimodzi chosayatsa pambali. Palibe amene anaganiza zowaimbira foni mayi kuti awauze. Aliyense ankayesa kuti mnzake wawauza. Ndinalira pomwepo, pamaso pa anthu amene ndinabwera kudzawakalipira, envulopu ili m'manja.

Tinamaliza makatoni onse cha m'ma 7. Ndinafunsa za ndalama, poti ine ndi mwana wa msungichuma wa chigwirizano cha amayi, sindingaone bukhu la ndalama osasuzumira. Mapaundi 22 athu aja amathera kosindikiza ndi kupositi. Sitampa ya kalata wamba yofulumira inafika paundi 1.70 mu Epulo 2025, ndiye ganizirani envulopu yaikulu. Chimene chimatseka dzenje ndi zikondwerero zomwezo: pa Beltane amagulitsa makeke ndi matikiti a mwayi, pa Lughnasadh amagulitsa buledi wa tirigu woyamba ndi jamu, pa Yule, mu Disembala, makandulo ndi makadi. Zikondwerero zimadyetsa magazini, magazini n'kumaitanira anthu kuzikondwerero, chifukwa masamba anayi akumapeto ndi ndandanda ya kokumana: tsiku, malo, ola, ndi ngati pali podutsa njinga ya olumala. Ndinawafunsa kuti bwanji osangoika zonse pa Facebook. Mayi wina anaseka n'kunena kuti theka la owerenga awo lili kuzilumba ndi kumidzi ya kumpoto, ena ali m'nyumba zosungira okalamba, ena m'ndende, ndipo ena safuna kuti abwana awo kapena achibale aone dzina lawo pagulu la Pagan paintaneti. N'chifukwa chake envulopu yake ndi yakhaki, yopanda chizindikiro chilichonse kunja. Ine ndinkayesa n'kuumira.

Za m'katimo ndinene mwachidule. Pepala ndi labwino, silionekera kuseri. Zilembo n'zazing'ono kwambiri kwa anthu a msinkhu wa owerenga awo, mayi amachita kugwiritsa ntchito galasi lokuzira. Ndakatulo zake zambiri n'zofooka, mundikhululukire, mwezi ndi khwangwala kope lililonse. Koma nkhani za mbiri zimalembedwa mosamala. M'kope lochedwa lomwe lija munali nkhani ya Lilias Adie wa ku Torryburn, pafupi pomwe pano, amene anamwalira ali m'manja mwa omuimba mlandu wa ufiti mu 1704, n'kuikidwa m'matope a m'mphepete mwa nyanja, pamwamba pake n'kuikapo chimwala kuti asadzuke. Wolembayo anafotokoza za lamulo la ufiti la ku Scotland la 1563 lomwe linagwira ntchito mpaka 1736, anthu pafupifupi 4,000 amene anaimbidwa mlandu, ambiri mwa iwo amayi, ndi kupepesa kumene Nicola Sturgeon, mtsogoleri wa boma la Scotland panthawiyo, anachita pa 8 Malichi 2022. Ndipo ananena mosabisa kuti anthu amenewo sanali a Pagan, anali Akhristu wamba onamiziridwa, ndiye gulu lawo lisawabe n'kuwasandutsa makolo ake. Kuona mtima kumeneko ndinakulemekeza. Ndikuwerenga, maganizo anathawira ku Neno, kwa agogo anayi aja amene anaphedwa mu Januwale 2016 powanamizira ufiti. Kwa owerenga ena ndi mbiri yakale, kwa ine ayi. Ndinapita nawo mayi ku Torryburn madzi ataphwa, tinaima pagombe, mphepo ikutimenya, osayankhulana.

Anzanga a kutchalitchi amandifunsa ngati sindiopa kulowetsa zinthu za achikunja m'nyumba. Ndimawayankha kuti pakalembera wa 2022 anthu oposa 19,000 kuno ku Scotland analemba kuti ndi a Pagan, ndipo amene ndawaona ine ndi agogo okonda tiyi, amene amakangana za amene anaiwala kubweretsa machesi. Chikondwerero chachikulu cha moto chija cha pa Calton Hill ku Edinburgh, cha usiku wa pa 30 Epulo, chimene chinayambika mu 1988, ndinapitako kamodzi. Ng'oma, anthu opaka utoto wofiira thupi lonse, chikhamu cha alendo ndi mafoni m'mwamba, tikiti yolipira. N'chokongola, koma mayi amati chimenecho ndi chionetsero. Chawo ndi cha anthu 30 m'munda wa mlimi wina, mabotolo a supu yotentha, ndi mvula. Chimandiseketsabe n'chakuti iwo akamasangalala pa 1 Meyi kuti mbewu zayamba kumera, kwathu amayi amakhala akukolola chimanga.

Kope la Imbolc, lomwe ndinaika ndekha m'envulopu ya apongozi anga popanda kulitsegula, linafika pa 29 Januwale, masiku atatu chikondwerero chisanafike. Tsamba lonse lachisanu linali la malemu apongozi anga aja. Chithunzi cha juzi yobiriwira chija, ndi mawu a anthu atatu ofotokoza za ngolo ya nkhuni. Mayi analuka mtanda wa Brigid, chizindikiro cha chikondwerero cha Imbolc, ndi udzu wa m'dambo monga amachitira chaka chilichonse, koma ulendo uno anaupachika pamwamba pa tsambalo, lomwe analidula n'kuliika m'felemu. Pansi pake panali mzere wothokoza mpongozi amene anatumiza chithunzi. Dzina langa analilemba molakwika, anachotsa h. Ndazisiya.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha masiku 9 aja, ndi zilembo zazing'ono, komanso chifukwa cha mayi uja. Tsiku lonse lija tinakhala tebulo limodzi, anandipatsira tiyi kawiri, anandionetsa kapindidwe koti magazini isakhwinyate, anandiyamikira kuti manja anga ndi achangu. Pepani sanamutchule mpaka lero. Ena akuti ndi mmene alili anthu a kuno, amapepesa ndi tiyi. Kaya. Kwathu tiyi ndi tiyi, pepani ndi pepani.

Ndalipiranso chaka china. Ngati mukutumiza dzina la malemu wanu, tumizani paimelo ndi pakalata pomwe, ndipo musakhale chete mpaka atakuyankhani kuti alandira. Mawu achinsinsi a imelo ija tsopano akuwadziwa anthu atatu, analembedwa m'kabuku kofiira kamene kamakhala m'bokosi la masitampa. Wachitatuyo ndine, ndipo kope la Beltane tikaika m'maenvulopu Loweruka lachitatu la Epulo, ndasinthana kale ntchito ndi mnzanga wa kuwodi.